A Chidindo ndi Kamzere Kobiriwira

Amalume anga anagwira ntchito ku positi ofesi zaka makumi atatu ndi chimodzi, mpaka anthu anaiwala dzina lawo lenileni n'kumangowatchula kuti a Chidindo. Dzinalo ankalikonda. Ankati munthu wodinda makalata ndi mboni, chifukwa ndi iye amene amavomereza kuti kalata iyi inafika pano tsiku lakuti, ndipo palibe angatsutse. Atapuma pantchito, dzanja lawo lamanja silinapume nawo. Akamalankhula nkhani yofunika ankamenya tebulo kawiri, koyamba pang'ono ngati akunyowetsa chidindo mu inki, kachiwiri mwamphamvu ngati pali envulopu. Ife abale tinkaseka tikatembenuka, koma pamaso pawo tinkangovomera.

Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kutayipa pafupi ndi siteji ya minibasi: chipinda chimodzi chopapatiza, makompyuta awiri, makina a fotokope amene amatafuna mapepala akapsa mtima, ndi benchi ya makasitomala. Anthu amabwera kudzalembetsa makalata ofunsira ntchito ndi zina zotero, ine n'kumalemba zimene ndauzidwa. Ndikunena izi kuti mudziwiretu kuti si ine katswiri wa makompyuta. Ndimadziwa malo amene ndimadina tsiku ndi tsiku, kwinako sindipondako.

Amalume anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, msuweni wanga, amene ankagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina yogulitsa zitsulo mumzinda waukulu, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Akazi awo atamwalira mwadzidzidzi Lolemba lina m'mawa, tonse tinaganiza kuti amalume amuimbira foni mwanayo. Nambala anali nayo. Koma iwo anakhala pansi, anatenga pepala labwino, analemba kalata, n'kupita nayo okha ku positi kukaitumiza pa rejisitala, ija yoti wolandira asaine. Ankati imfa ya mayi siiponyedwa m'khutu mwa mwana ali pakati pa anthu kuntchito, angakomoke. Iyenera kulembedwa, munthu akhale pansi awerenge. Tikawafunsa kuti, "Mwamuuza?" ankangoti, "Uthenga wapita." Ndipo sananame. Tinadikira masiku atatu, thupi silikanadikiranso, tinaika maliro. Kalatayo inamupeza msuweni wanga patapita masiku asanu ndi anayi.

Anabwera, anapita kumanda, anagona kwa ine, ndipo m'mawa mwake anakaima pakhomo pa bambo ake osalowa.

"Amayi anga anafa kamodzi, koma inu mwandilanda kawiri," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. "Nawenso foni unalibe?"

Anakwera basi, anasintha nambala, ndipo kwa zaka zinayi palibe anamva mawu ake.

Zaka zinayizo zinawakutumula amalume. M'maso munabwera ng'ala, moti nyuzipepala ankaigunditsa pamphuno kuti aone mitu yokha. Kalata ya papepala analumbira kuti sadzalembanso. Ndiye Lachinayi lina, cha m'ma teni koloko, ndinangoona alowa m'shopu mwanga atavala jekete lawo labuluu la kuntchito, lothetheka m'zigongono koma lositidwa bwino. Anatulutsa m'thumba kakhadi kopindika m'makona. Kanali ka kuntchito kwa msuweni wanga, kakalekale, kali ndi adiresi ya imelo pansi pake.

"Akuti izi zimafika tsiku lomwelo," anatero. "N'zoona?"

"Mphindi yomweyo, amalume."

"Mphindi yomweyo." Anapukusa mutu. "Zikanakhalapo nthawi ija."

"Zinalipo, amalume. Ndi foni yomwe inalipo."

Pakamwa panga sipachedwa, ndimadziluma lilime mawu atatuluka kale. Iwo anangokhala pa benchi n'kuvula chipewa.

Ndinawatsegulira adiresi yawoyawo ya imelo, tinayamba kalata, iwo akunena, ine ndikutayipa. Kalata yoyambayo inali youma ngati ya kuboma: "Ndalemba kalatayi pofuna kukudziwitsa kuti ndinalakwa." Ndinawafunsa ngati sangaifewetse pang'ono, koma anati mawu ofewa alibe, ndilembe omwewo. Ndinadina batani lotumizira.

Netiweki ya m'shopu mwanga ndi yaulesi. Ukadina batanilo, pansi pa sikirini pamabwera kamzere kobiriwira kamene kamakwawa kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuima, kulingalira za moyo wake, kenako kupitiriza. Zilembo amalume sankaziona, koma kamzereko anakaona. Anayandikiza nkhope mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi.

"Aka n'chiyani?"

"Kakusonyeza kuti kalata ikupita. Kakafika kumapetoku ndiye kuti basi."

"Kaima!"

"Kamatero. Kayambanso."

"Usagwire chilichonse iwe."

Kamzere kanadzaza, kompyuta inalira kuti ngwe, ndipo panatuluka mawu. Ndinawawerengera kuti yatumizidwa. Kasitomala wina aliyense akamva mawu amenewa amanyamuka n'kumapita. Koma awa anali a Chidindo.

"Yatumizidwa ndiye kuti chiyani? Tamvera mphwanga, kalata imadutsa makomo atatu. Loyamba, ndailandira pa kauntala, ndaidinda. Lachiwiri, thumba lakwera galimoto. Lachitatu, mwini wake wasaina. Kamzere kakoka kakunena khomo liti?"

Ndinakanda mutu. "Lachiwiri, mwina."

"Mwina! Lachiwirilo ndi limene linandipha ine. Ndikufuna lachitatu."

Mwamwayi, kapena mwatsoka, ndinkadziwa kabokosi kena kamene ukachongamo, wolandira akatsegula kalata kumabwera uthenga woti yawerengedwa. Nditawafotokozera, nkhope yawo inawala koyamba chimwalirire akazi awo. "Rejisitala!" anatero, n'kumenya tebulo langa kawiri mpaka mausi inadumpha. Kuyambira sabata yachiwiri, kalata iliyonse inkapita titachonga kabokosiko.

Lachinayi lililonse teni koloko ankakhala atafika. Asanapereke ndi moni womwe ankafunsa kuti, "Pali chosainidwa?" Ine ndinkatsegula bokosi la makalata obwera, n'kupeza muli mbee ngati mbale yotsuka. Kumbali kwa sikirini kunali mabokosi ena, lina la zinyalala, kumene makina amataya makalata a otsatsa malonda ndi a mbava zija zolonjeza chuma. Pambali pa bokosilo panali nambala yakuda imene inkakwera, koma ine kwa zaka zonse zimene ndagwira kompyuta sindinapezemo chanzeru, choncho sindinkatsegulamo. Ndinkangowauza amalume kuti palibe, iwo n'kukhosomola, n'kuyamba kunena kalata ina.

Makalatawo anayamba kusintha. Chiboma chija chinatha. Anayamba kumuuza mwana wawo tinthu ting'onoting'ono: kuti makina osokera a amayi ake amawathirabe mafuta mwezi uliwonse ngakhale palibe wosoka, kuti apeza nsapato zake za kusukulu kuseri kwa kabati, imodzi makoswe ataidya lilime, kuti mpando wa amayi ake sanausunthe. Tsiku lina anati, "Lemba kuti ndikudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda, koma mankhwala ena ndilibe." Ndinatayipa ndikuyang'ana kumbali. Ndikatha, ankagunditsa nkhope pasikirini n'kumaperekeza kamzere kaja ndi chala, osagunda galasi. Makasitomala ena ankaseka poyamba, kenako anazolowera, ena mpaka ankaima nawo kudikira kuti kadzaze.

Patatha miyezi itatu amalume anali atatha. Jekete linkangolendewera m'mapewa, ndevu anasiya kumeta, ndipo wosoka nsapato amene amakhala nawo moyandikana anandiuza kuti utsi m'khitchini mwawo umatuluka kamodzi pa tsiku. Lachinayi lina netiweki inathawa kamzere kali pakati. Ndinawauza kuti azipita, ikabwera ndidzatumiza ndekha, koma anakana kwamtuwagalu. Anakhala pamenepo maola awiri akuyang'ana kamzere kosayenda, makasitomala anga ataimirira chifukwa benchi inali itadzaza. Ine mtima unali utandikwera kale. Mwadzidzidzi anawongoka n'kuvala chipewa.

"Ngati sikakupita, ndipita ndine."

"Kuti, amalume?"

"Komweko. Kampaniyo ndi iyi yalembedwa pa khadi. Ndikaima pageti mpaka atuluke. Akanditukwana, akanditukwane ndikumuona."

Sanali kuseka. Anapereka nsapato zawo kwa mnansi wawo uja kuti aziike zidendene zatsopano, anatsitsa kachikwama pamwamba pa kabati, ndipo anasankha tsiku, kumayambiriro kwa mwezi wotsatira. Ine ndinachita mantha. Ndinkaona nkhalamba yosaona bwino, ya magazi othamanga, ikuwoloka misewu ya mumzinda umene sinaupondeko zaka makumi awiri. Ndinkaona msuweni wanga akuwatsekera chitseko pamphuno, iwo n'kukagwera m'ngalande pobwerera. Zonsezi n'zoona. Koma ndisadziyeretse kwambiri: ndinalinso nditatopa. Ndinatopa ndi nkhope ija ya Lachinayi, ndinatopa ndi kunena kuti palibe, ndipo pansi pa mtima ndinkaopa kukumana ndi funso lija loti nanenso foni ndinalibe.

Lachitatu masana, shopu ili zii, ndinatsegula tsamba loyera n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti kalata yanu yawerengedwa. Ndinaika tsiku, ndinaika nthawi, pansi ndinaika adiresi ya msuweni wanga. Ndinasindikiza. Ntchito yonseyo sinakwane ndi mphindi imodzi.

M'mawa mwake atangoti, "Pali chosainidwa?" ndinawapatsa pepalalo. Analigunditsa pamphuno, analiwerenga katatu, chala chikutsata chilembo chilichonse. Kenako anapapasa benchi kumbuyo kwawo n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Wasaina," anatero motsitsa. "Mwana wanga wasaina."

Analira pamaso pa makasitomala, osabisa nkhope. Tsiku lomwelo anagula fayilo ya katoni, anabooletsa pepalalo pa makina anga n'kuliikamo. Sabata imeneyo anameta ndevu. Ine ndinayenda ngati munthu amene wapulumutsa mwana m'chitsime, ndipo ndinagona tulo tabwino.

Za ulendo ndinawafunsa ndekha, kuti nditsimikize.

"Ndikapitirenji?" anatero. "Akuwerenga. Akudziwa pamene ndili. Munthu wokwiya akakutsegulira kawindo, suthamangira kukankha chitseko, angatseke ndi kawindo komwe. Ndimudikira."

Nsapato zija, zidendene zili zatsopano, zinalowa pansi pa bedi.

Chimene sindinaganizire n'chakuti bodza limadya tsiku lililonse ngati mwana. Sabata iliyonse pankafunika pepala latsopano, ndipo amalume sankangoliika mufayilo, ankaliphunzira. Nthawi zimene ine ndinkangotola m'mutu, iwo ankaziwerenga ngati zizindikiro za mvula.

"Iyi wawerenga sikisi koloko m'mawa. Sanagone bwino ameneyu."

"Iyi wachedwa nayo masiku awiri. Kaya akudwala?"

"Taona, iyi wawerenga nthawi ya nkhomaliro. Ndiye kuti sanadye."

Ndinayamba kusamala posankha nthawi, kuti mwana wawo asamaoneke wodwala kapena wosagona. Ndinkakhala pakompyuta n'kumalingalira kuti msuweni wanga amene sindinamuone zaka zinayi angadzuke nthawi yanji Loweruka. Ndinali kumuumba ndi manja anga, bambo ake n'kumamukonda.

Kenako chimwemwe chija chinayamba kusasa. Miyezi inapita, mapepala anachuluka, yankho osabwera. Ndinaona mochedwa kuti ndawachotsera chinthu chimene chinkawagwiriziza. Kale akamva kuti palibe, ankapita kunyumba akunena kuti mwina makina, mwina netiweki, mwina sanatsegule. Tsopano mwina uja ndinali nditamupha.

"Poyamba ndinkati sakulandira," anandiuza tsiku lina, fayilo ili pamiyendo. "Pano ndikudziwa. Amatsegula, amawerenga, amatseka. Ndamuuza za makina a amayi ake, wawerenga. Ndamuuza kuti ndimalota amayi ake akundifunsa kuti mwana ali kuti, wawerenga. Munthu amene wawerenga zonsezi osabweza ngakhale liwu limodzi, kwa iyeyo ine ndinaikidwa kalekale."

Kangapo konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma ankalowa kasitomala, kapena makina ankatafuna pepala, kapena ine ndemwe ndinkati Lachinayi likubwerali. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndinaganizaponso zolemba yankho labodza, koma apo pokha ndinaima, osati chifukwa cha ubwino wanga, koma chifukwa amalume ankadziwa kalankhulidwe ka mwana wawo kuposa ine.

Kalata ya nambala 44 inali yaifupi. Anabwera akudzandira, atachokera kuchipatala kumene anawauza kuti magazi akwera kwambiri. Anati, "Lemba kuti sindikupemphanso kuti undikhululukire. Ungobwera udzanditukwane ndili moyo." Anaperekeza kamzere ndi chala mpaka kumapeto, kompyuta inalira, iwo anaimirira.

"Pepala la iyi usavutike kusindikiza," anatero ali pakhomo. "Ndikudziwa kuti awerenga."

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera mphunzitsi wina wamkazi, kasitomala wanga wakale, amene ankadikira yankho la kusukulu ya ukachenjede. M'bokosi la makalata obwera munalibe kanthu, ndiye anandiuza kuti nditsegule m'zinyalala, akuti nthawi zina makalata enieni amagwera mmenemo. Ndinamuseka kuti akutaya nthawi. Tinatsegula, ndipo yankho lake linali momwemo, litagona masiku asanu. Anatuluka akuvina. Ine ndinatsala nditakhala. Ndinatsegula adiresi ya amalume n'kuyang'ana nambala yakuda ija imene ndinkaidumpha ndi maso pafupifupi chaka chathunthu. Inali 44.

Onse anali ochokera kwa wotumiza mmodzi, makina, ndipo onse ankanena chinthu chimodzi: kalata yanu sinafike, adiresi iyi inatsekedwa. Ndinatsikira pansi mpaka woyamba. Unabwera mphindi imodzi yokha kuchokera pamene tinatumiza kalata yoyamba ija, amalume akadali pa benchi panga akundiphunzitsa za makomo atatu. Sabata iliyonse makinawo ankatiuza zoona, mwachangu, mosabisa, ine n'kumasindikiza zanga pambali. Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Amalume anandituma kuti ndikawaonere chifukwa maso awo anali atafa, ndipo kandimverereyo ndinali ine.

Kunyumba kwa amalume ndi ulendo wa mphindi khumi wapansi kuchokera pashopu. Ndikanathamanga tsiku lomwelo n'kukawauza kuti mwana wawo sanawakane, sanaone ngakhale chilembo chimodzi. Sindinapite. Ndinaopa maso awo ang'alawo. Ndinadziuza kuti nzeru ndi kukamutenga mwiniwake, ndidzaulule onse awiri ali pamodzi, chimwemwe chidzakwirire manyazi anga. Ndinasindikiza makalata onse 44, ndinaika mu envulopu yaikulu, ndinamuuza wosoka nsapato kuti ndikukagula inki ya makina, ndipo Lachisanu m'mawa ndinakwera basi.

Pageti la kampani ya zitsulo mlonda anapukusa mutu, akuti mayi ameneyo anasiya ntchito zaka zitatu zapitazo. Mayi wina wa pamalo olandirira alendo anandimvera chisoni n'kundilozera kwa mnzake, mnzakeyo kwa wina, mpaka Loweruka masana ndinaima pakhomo pa sitolo ya nsalu kutsidya kwa mlatho. Msuweni wanga anali kuyeza nsalu ndi ndodo, atanenepa pang'ono, imvi zitayamba m'mbali. Atandiona, ndodo inaima m'malere.

"Amwalira?"

"Ayi."

Anayang'ana envulopu imene ndinaipanira kukhwapa, n'kuseka kuseka kosakoma. "Ndiye wabwera ndi chiyani? Kalata?"

Ndinamupempha kuti tipite kuseri. M'kachipinda kosungira katundu, pakati pa mipukutu ya nsalu, ndinamuuza zonse, osasiyako kanthu, ngakhale za nthawi zimene ndinkamusankhira kuti adzuke. Anayamba kuwerenga ataimirira. Pofika kalata ya nsapato za kusukulu anali atakhala pasimenti, miyendo atatambasula. Sanafulumire. Abwana ake anasuzumira kawiri n'kubwerera.

"Ine ndinkadikira kuti abwere," anatero atamaliza, osandiyang'ana. "Osati pepala. Iwowo, ndi miyendo yawo, adzaime pakhomo panga. Chaka choyamba ndikanawathamangitsa. Chachiwiri ndikanawatukwana. Kuyambira chachitatu, basi ikamatsitsa anthu apo ndinkangoyang'ana nkhalamba iliyonse ya jekete labuluu. Pochoka ku kampani kuja ndinasiya ndi nambala yomwe kwa mayi amene ankalandira alendo nthawi imeneyo, kuti akadzabwera bambo wina wodzandifuna, asadzabwerere."

"Anakonza ulendo," ndinatero. "Nsapato anaikitsa zidendene. Ndinawaletsa ndine, ndi pepala loyamba lija."

Ndinkafuna andimenye, zikanandipepukira. Iye anangosonkhanitsa makalatawo n'kuwalinganiza m'mbali pa bondo lake.

"Iwe nthawi zonse umadziwa zimene zili zabwino kwa anthu ena," anatero. "Kadikire panja ndikapemphe tchuthi."

Tchuthicho anamupatsa kuyambira Lolemba. Tili pakati pa ulendo, basi itaima kuti anthu atsike pang'ono, foni yanga inalira. Anali wosoka nsapato. Anati akhala akundifuna kuyambira dzulo koma foni yanga simapezeka. Amalume anagwa Lamlungu m'mawa pampopi, akutunga madzi, ndipo ali kuchipatala, mbali imodzi yafa. Msuweni wanga anamva zonse chifukwa anali pambali panga. Kuchokera pamenepo mpaka kufika sanandilankhulenso.

Tinafika nthawi yoona odwala isanathe. Amalume anali pa bedi la pawindo, pakamwa patakhota, dzanja lamanzere litagona pabulangete ngati la munthu wina. Pa kabati ya pambali panali kapu, sopo, ndi fayilo ija. Wosoka nsapato anatinong'oneza kuti powanyamula ankangoiloza mpaka anaitenga. Mawu ankatuluka molemera, koma ankamveka. Ine anandizindikira. "Wa makina uja," anatero.

Msuweni wanga anagwada pambali pa bedi n'kuyandikiza nkhope yake pafupi ndi yawo.

"Ababa, ndine. Ndabwera."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu, monga ankayang'anira anthu pa kauntala.

"Mwabwera kudzaona ndani, mayi?"

"Inu, ababa. Ndine mwana wanu."

"Mwana wanga ali kutali," anatero pang'onopang'ono. "Ndi wophunzira. Ndimamulembera sabata iliyonse. Amawerenga zonse. Koma sayankha."

Apo ndinagwa pansi nanenso. Ndinalankhula mokweza mpaka odwala a m'mabedi ena anatembenuka. Ndinati amalume ndinanama, mapepala aja ndinkalemba ndine m'shopu mwanga, mwana wanu sanalandire ngakhale kalata imodzi, adiresi inali yakufa, makina ankatiuza koma ine sindinkayang'ana, sanakukaneni, ndi uyu wagwada apayu. Ndinabwereza katatu. Iwo anatambasula dzanja lamoyolo n'kundisisita pamutu.

"Usamuikire kumbuyo, mphwanga. Uli ndi mtima wabwino. Koma mapepala alipo. Anasaina."

Adokotala anatiuza kuti tisataye mtima msanga, kuti nthawi zina zinthu zimabwerera. Papita miyezi isanu ndi iwiri. Msuweni wanga anasiya ntchito ya nsalu n'kubwera kudzakhala m'nyumba ya bambo ake, m'chipinda chake chakale. Amawasambitsa, amawatembenuza, amawadyetsa ndi supuni. Fayilo tinayesa kuibisa, koma analira tsiku lonse osadya mpaka tinaibweza. Tinawaonetsa mauthenga enieni aja 44, nditawasindikiza ndi zilembo zikuluzikulu, iwo anangowabweza n'kunena kuti amenewo ndi a munthu wina. Ndawauza zoona kambiri kuposa mmene ndinawanamizira, koma bodza langa linalowa mutu ukadali wabwino, ndipo zoonazi zafika zitseko zitatsekedwa.

Ine ndimapitako madzulo ndikatseka shopu, kukathandiza kuchapa. Msuweni wanga amandilankhula za sopo, za mankhwala ndi za tsiku lobwerera kuchipatala, zina ayi, ndipo sindimudandaula. Dzulo ndinali kuyanika mabulangete pafupi ndi windo la kuchipinda, iye akuwamwetsa tiyi. Ndinamva amalume akumufotokozeranso za mwana wawo amene amawerenga osayankha, monga amachitira tsiku lililonse, iye akungoti ee, ee. 

"Koma inu mayi ndinu munthu," anatero amalume. "Kusamalira nkhalamba yachilendo chonchi. Bambo anu ali ndi mwayi."

"Zikomo," anatero msuweni wanga, n'kuwapukuta pakamwa.